MWAZI WA KU CENTRALIA, 1919

Lero ndifuna kukuuzani za cimene cinacitika kutali, m'tauni yaing'ono ya Centralia, m'cigawo ca Washington ku America, pa 11 November 1919.

Cuma ca dziko limenelo cinali matabwa. Anthu odula mitengo anali kugona m'zithando zauve ndi kugwira nchito yoopsa, ndipo ambiri analowa m'bungwe la anchito la Industrial Workers of the World, kapena IWW, limene linali kunena poyera kuti mafakitale ayenera kukhala m'manja mwa anchito. Eni makampani a matabwa anadana nalo koopsa. Mu 1918 gulu la anthu linaphwanya ofesi ya bungweli m'tauniyo ndi kumenya amene linawapeza.

Caka cotsatira anchitowo anatsegula ofesi ina. Mphekesera inamveka yakuti idzaphwanyidwanso pa tsiku lokumbukira kutha kwa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, pamene asilikali akale a bungwe la American Legion adzaguba m'mseu. Loya wao, Elmer Smith, anawauza kuti lamulo liwalola kudziteteza. Motero anaika amuna amfuti mu ofesi, m'nyumba zoyang'anana nayo, ndi paphiri lapafupi.

Ogubawo anaima pakhomo pa ofesiyo. Za amene anayamba, mbali ziwirizi sizinagwirizanepo: asilikali akale anati anaomberedwa ali ciimire, anchito anati citseko cinayamba cathyoledwa. Anafa asilikali akale anai, Warren Grimm, Arthur McElfresh, Ben Casagranda ndi Dale Hubbard. Hubbard anaomberedwa m'mbali mwa mtsinje ndi Wesley Everest, wa IWW, pamene Hubbardyo anali kuthamangitsa Everest.

Usiku womwewo magetsi a m'tauni anazimitsidwa. Gulu la anthu linaturutsa Everest m'ndende ndi kukampacika pa mlatho wa mtsinje wa Chehalis. Ndipo mvetsani ici, abale: Everest nayenso anabvalapo yunifomu ya asilikali a America pa nthawi ya nkhondoyo. Ophana tsiku limenelo anali anthu a tauni imodzi, oyenda m'miseu imodzi. Eni nkhalango, amene mkanganowo unali kukhudza cuma cao, anapitiriza kugulitsa matabwa.

Mlandu unazengedwa ku Montesano mu 1920, asilikali a Boma atamanga misasa pafupi ndi khoti. Anchito asanu ndi awiri anapezeka olakwa, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 25 kufikira 40. Pambuyo pace ena mwa anthu wamba amene anasankhidwa kugamula mlanduwo analumbira kuti anagamula ali ndi mantha. Elmer Smith anamasulidwa, koma anadzalandidwa cilolezo ca uloya.

Mu 1924 tauniyo inaimika cifanizo cokumbukira asilikali anai aja. Ray Becker, womariza wa anchito omangidwawo, anaturuka m'ndende mu 1939. Pa imfa ya Wesley Everest palibe munthu ngakhale mmodzi amene anaimbidwa mlandu.