KHOMO LINATSEKEKA KU CHINA, NJIRA INATSEGUKA YA KU NYANJA

Mau olankhulidwa pa chikumbutso cha Sinodi, kwa Akhristu a mipingo ya m'mapulazi a Mashonaland



Mbiri ya mpingo uno imayambidwa kawirikawiri ndi chaka cha 1912, pamene Mbusa T.C.B. Vlok anafika ku Salisbury kudzaweta anthu a ku Nyasaland amene anadza kudzagwira ntchito m'dziko lino. Kuyambira pamenepo nkoyenera ndithu. Koma mtsinje uli wonse uli ndi magwero ake kutali, ndipo ena mwa magwero a mpingo uno ali ku China, pa malonda onyansa amene anabutsa nkhondo zaka zoposa 70 Mbusa Vlok asanafike.

M'masiku amenewo Angerezi ankagula tiyi wambiri ku China, koma analibe katundu amene Atchaina ankamufuna, kotero kuti ankalipira ndi siliva. Pofuna kubweza siliva wao anayamba kutumizako opiamu wochokera ku India. Opiamu ndi utomoni wa duwa lina. Munthu akazolowera kuusuta saukhozanso kuuleka, amagulitsa munda ndi ziwiya mpaka banja kupasuka. Amalonda a ku Amereka nawonso sanatsalire. Kampani ya Russell ndi ena ankatenga opiamu ku Turkey ndi ku India, nalemera nawo kwambiri, ngakhale kuti analipo ena, monga kampani ya Olyphant, amene anakana malondawo chifukwa cha chikumbumtima chao.

Mfumu ya China inali italetsa kale opiamu. M'chaka cha 1839 inatuma nduna yake, Lin Zexu, ku Canton, ndipo iye analanda mabokosi oposa 20,000 nawaononga onse. Boma la Britain linayankha ndi zombo za nkhondo. China atagonja, pangano la ku Nanking la 1842 linapereka Hong Kong kwa Angerezi ndi kutsegula madoko asanu. Amereka, amene sanaombe mfuti, anatuma kazembe wao Caleb Cushing, ndipo mu 1844 analandira mwai womwewo pa pangano la ku Wanghia. Panganolo linanena kuti munthu wa ku Amereka wogulitsa opiamu sadzatetezedwa ndi boma lake. Koma malonda sanaleke.

Tsono nkhaniyi ikomana bwanji ndi mpingo wa ku Bindura kapena ku Marondera? Ku Scotland kunali mnyamata, David Livingstone, amene anayamba ntchito m'fakitale yopota thonje ali ndi zaka khumi. Iye anawerenga pempho la mmishoni Karl Gützlaff loitana asing'anga achikhristu ku China, natsimikiza mtima kupita kumeneko. Anaphunzira zachipatala chifukwa cha China. Koma pamene anali pafupi kutsiriza, nkhondo ya opiamu inatseka njira. Ku London anakomana ndi Robert Moffat wa ku Kuruman, amene anamuuza za midzi yambiri ya kumpoto kosafika Uthenga Wabwino. Motero mu December 1840 Livingstone anakwera chombo cholunjika ku Afrika.

Pali chinthu chowawa chimene sichiyenera kubisika. Gützlaff yemweyo anakhalapo womasulira m'zombo zogulitsa opiamu, nagawa timabuku ta Mau a Mulungu m'madoko omwe ululuwo unkatsitsidwa. Ndipo mu 1858, pa nkhondo yachiwiri, mapangano a ku Tientsin analola amishoni kulowa m'kati mwa China; chaka chomwecho opiamu analoledwa ndi lamulo. Atchaina ambiri anaona Baibulo ndi bokosi la opiamu zikulowa pa khomo limodzi, ndipo dzina la Khristu linanyozeka chifukwa cha ichi kwa zaka zambiri.

M'chaka chomwecho cha 1858 Livingstone anabwera ku Zambezi ali kazembe wa boma la Britain. Maganizo ake anali pa Amereka. Thonje lochuluka la mafakitale a Britain linkalimidwa ndi akapolo m'zigawo za kumwera kwa dzikolo. Ataona Amang'anja akulima ndi kuomba thonje lao m'chigwa cha Shire, iye anayembekeza kuti thonje la anthu a mfulu lidzagwetsa ukapolo mbali zonse ziwiri za nyanja yamchere. Anafika pa Nyanja ya Malawi mu September 1859, ndipo mu 1861 anaperekeza Bishopu Mackenzie ku Magomero. Chaka chomwecho nkhondo ya pachiweniweni inabuka ku Amereka, mafakitale a ku Lancashire nasowa thonje. Koma chigwa cha Shire sichinathe kuthandiza, pakuti ogwira akapolo ndi njala zinachisandutsa bwinja. Bishopu anamwalira mu January 1862, ndipo mu 1863 boma linaitana ulendowo kuti ubwerere. Ukapolo wa ku Amereka unatha mu 1865, osati ndi thonje la Shire koma ndi mwazi wa nkhondo.

M'maso mwa anthu zonse zinalephereka. Koma Livingstone atamwalira mu 1873, ena anatsata mapazi ake: Livingstonia mu 1875, Blantyre mu 1876, ndipo mu 1889 A.C. Murray ndi Vlok anamanga misasa pa Mvera. Ana a masukulu a Mvera ndi Nkhoma ndiwo anatsika ndi mapazi kudzera ku Tete, ena pambuyo pake pa malole a Ulere kapena mwa Mthandizi, kufikira m'mapulazi a Mazowe, Mvurwi, Banket ndi Karoi. M'mitolo mwao munali bulangete, mphika ndi buku la nyimbo. Anayamba kupemphera m'makomboni mbusa asanafike, ndipo mapemphero amenewo anabala Sinodi imene inakhazikitsidwa mu 1965.

M'mapulaziwo anapeza Amereka ali patsogolo pao, pakuti fodya amene ankathyola ndi kuumitsa m'mabalani usiku wonse amatchedwa Virginia, dzina la chigawo chimene akapolo ankalimamo fodya. Mtengo wake unkapangidwa ndi ogula a kutali amene sanaonepo komboni. Kuyambira chaka cha 2000, minda italandidwa ndi kugawidwa, antchito zikwi zambiri anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo amene makolo ao anachokera ku Malawi analibe mudzi wothawirako. M'zaka za m'ma 2010 wogula wamkulu wa fodya wa Zimbabwe anali China, dziko lomwe lija limene linakakamizidwa kugula utsi wa eni.

Kodi mpingo uphunzirapo chiyani? Yosefe anagulitsidwa kwa amalonda, ndipo Mulungu anasandutsa choipacho kukhala chipulumutso cha anthu ambiri, monga zilembedwa pa Genesis 50. Koma abale akewo anali ochimwa ndithu. Momwemonso nkhondo ya opiamu siyeretsedwa chifukwa chakuti inatembenuza mapazi a Livingstone. Mpingo uyamike Mulungu chifukwa cha njira imene anaitsegula, koma usaiwale mabanja a ku China amene anapasuka, kapena akapolo a m'minda ya thonje.

Chifukwa chake Sinodi iyenera kusamala chombo chimene ikwezamo Uthenga. Mphatso ikadza kuchokera kwa mwini munda, kwa wamalonda kapena kwa wandale, akulu a mpingo afunse poyamba kuti antchito ake adya chiyani ndipo agona pati. Kale guwa likakhala pa malo a bwana, mlaliki ankayesedwa kuti atseke pakamwa. Lero eni minda asintha, koma yesero silinasinthe. Nkhalamba imene inatha mphamvu zake pa fodya wa eni ikadali pakati pa mpingo, ena opanda chitupa, ena opanda wowasunga. Chikumbutso ichi chikhale chao poyamba, pakuti iwo ndiwo ananyamula Mau kuwoloka Zambezi.

Ambuye wa zokolola asunge Mpingo wake. Amen.