MWINI NYUMBA YA ALENDO

Mau olalikidwa ku Lilongwe. Luka 10:25-37.

Abale okondedwa, Msamariya anamanga mabala a munthu uja, nasiya ndalama, namuka. Anatsala ndi wodwalayo ndani? Mwini nyumba ya alendo.

Momwemonso ife. Cipatala ca Kamuzu Central, cotsegulidwa m'caka ca 1977, cinamangidwa ndi cithandizo ca a ku Denmark. Koma makoma saciritsa munthu. Daniel Malekebu anaphunzira udotolo ku Meharry, ku America, nabwera kudzatumikira kwao ku Ciradzulu mu 1926. Ana athu anatsata njira yomweyo ya kunja kufikira 1991, pamene sukulu ya udotolo inatsegulidwa ku Blantyre.

Mlendo adzamuka, koma amai akubala pa Bwaila pano adzatsala nafe. Aphunzitsi inu, limbikitsani ana. Ndipo iwe wakuoloka nyanja kukaphunzira, ubwerenso. Amen.