NDAKATULO PAMBALI PA MPHASA YA WODWALA KHANSA

Mafumu, akulu a mipingo, amayi ndi abambo a kuno ku Dedza:

Pali nthenda imodzi imene anthu ambiri m'midzi safuna kuitchula dzina lake. Mayi akamataya magazi kwa miyezi ingapo, anzake amangoti ali ndi vuto la kumusi. Bambo nsima ikamakana kutsika kukhosi, nkumangolowa phala lokha, abale amanong'onezana kuti anadyetsedwa kanthu pamowa. Nthendayo dzina lake ndi khansa. Ndipo ndakatulo, imene ena amaiyesa masewera a ana a sukulu, iri ndi ntchito yaikulu pambali pa mphasa ya munthu wodwala chotere.

Dziko la Malawi liri m'gulu la maiko amene amayi ambiri zedi amadwala ndi kumwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero. Khansa ya kum'mero nayonso yatenga anthu ochuluka. Njira zolimbana nayo nthendayi ziripo ndithu. Kuyambira chaka cha 2013 chipatala cha Nkhoma, chimene chiri pafupi ndi malire a boma lino, chakhala chikuyeza amayi ndi viniga ndi kuotcha pomwepo timabala tongoyamba kumene tisanasanduke khansa. M'chaka cha 2019 katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse.

Koma mankhwala ali ndi malire ake. Dokotala akaweruka, namwino akazimitsa nyali, wodwala amatsala yekha ndi maganizo ake. Usiku wa mwezi wa June pa Bembeke pano ndi wautali ndiponso wozizira, ndipo munthu amene wauzidwa kuti ali ndi khansa sapeza tulo. Amaganiza za ana amene ali pa sukulu, za munda wa mbatata ya kachewere umene wamera tchire, za tsitsi limene lathothoka ndi mankhwala, za mwamuna amene wayamba kubwera mochedwa. Abale akadza kudzazonda amangoti, "Mulimbe mtima, mupeza bwino," kenaka nkuyamba kukamba za mtengo wa feteleza. Sachita zimenezi chifukwa cha nkhanza ai, koma chifukwa chosowa mau. Apa ndi pamene mlakatuli amalowa. Ntchito yake ndi kupeza mau a zinthu zimene anthu akuzimva koma akulephera kuzinena. Wodwala akamva mantha ake enieni akutchulidwa mwadongosolo ndi munthu wina, amadziwa kuti njira imene akuyendayo ena anaipondapo kale, ndipo mtima umakhala pansi.

Zimenezi sizachilendo kwa Achewa ndi Angoni a m'mapiri muno. Amayi akale akakhala ndi chowawa chosaneneka pamaso pa apongozi, ankachiika m'nyimbo ya pamtondo, munsi ukugunda, mudzi wonse nkumva popanda wina kuitanidwa ku bwalo. Imeneyo inali ndakatulo. Zigayo zitabwera, mitondo inayamba kukhala chete, koma zowawa sizinathe nayo limodzi.

Ngakhale ndakatulo yolembedwa ya m'Chichewa iri ndi mizu kuno komwe. Malemu Ezra J. Chadza, mphunzitsi amene analemba buku la Ntchito za Pakamwa, anabadwira m'boma lino la Dedza m'chaka cha 1923. Ndakatulo yake ina yotchuka, yotchedwa Likongolerenji Bokosi, imayang'anitsitsa bokosi la maliro mosaphethira. Ngati mkulu ameneyu sanaope kulakatula za imfa, adzukulu ake aopa bwanji kulakatula za nthenda imene ikapezeka msanga imachizika?

Ku America kunali mlakatuli wina wamkazi, wachikuda, dzina lake Audre Lorde. Anampeza ndi khansa ya m'mawere mu 1978, ndipo anamdula bere limodzi. Iye anakana kubisa zimene zinamchitikira, nalemba buku lotchedwa The Cancer Journals limene linatuluka mu 1980. Mfundo yake yaikulu inali yakuti kukhala chete sikuteteza munthu. Anakhala ndi moyo mpaka 1992, akulembabe. Makolo athu anaiona kale mfundo imeneyi pamene ankati wobisa matenda maliro amamuulula.

Komabe si ndakatulo iriyonse imene imatonthoza. Pali alakatuli ena amene amakonda kulalatira, ndipo akangomva za nthenda ya amayi amathamangira kunena za chiwerewere. Otere angoleka, pakuti amaonjezera manyazi pa ululu. Enanso amalonjeza kuti amene ali ndi chikhulupiriro cholimba adzachira mawa lomwe, kotero kuti wodwala akapanda kuchira amadziona ngati wochimwa. Ndakatulo yabwino sinama. Imavomera kuti chilonda chikuwawa, kuti mseu wa ku Kamuzu Central Hospital ndi wautali kwa munthu wopanda ndalama ya basi, ndipo pakutero imampatsa wodwala ulemu wa munthu wamkulu amene angathe kumva zoona. Siilowanso m'malo mwa chipatala. Ululu waukulu umafuna mankhwala a morphine, onga amene amaperekedwa ku Ndi Moyo ku Salima ndi ku Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene amasamalira odwala matenda okhalitsa.

Aphunzitsi a Chichewa, amayi a Chigwirizano ndi magulu a Limana amene amayendera odwala sabata ndi sabata angathe kuyamba ntchitoyi popanda kudikira thandizo la kwina. Pamodzi ndi mtolo wa nkhuni ndi kambale ka ufa, atenge kope ndi pensulo. Odwala ambiri a m'midzi sadziwa kulemba, koma kulakatula amadziwa. Wina akhale pafupi, alembe zimene wodwalayo akunena monga momwe akuzinenera, osakonza kanthu, ndipo pomaliza amwerengere pang'onopang'ono kuti adzimvere yekha.