Thovu Lopulumutsa Nsomba za m'Madzi Amchere

Nsomba za m'nyanja yamchere zikamaŵetedwa m'thanki yagalasi, chimbudzi chake ndi zotsala za chakudya zimasungunuka m'madzi, ndipo zikachuluka nsombazo zimafa. Chochotsa nyansizi ndi chipangizo chotchedwa protein skimmer. Chimaikidwa m'kathanki kapansi, m'madzi akuya pafupifupi masentimita 20, osakwera, osatsika. Pampu yake imapukusa madzi ndi mpweya. Nyansi zimakakamira ku thovu, thovulo nkukwera kukagwera m'kachikho pamwamba.

Chipangizo chatsopano chimavuta sabata imodzi kapena ziŵiri, ndiye woŵeta wopupuluma, wopotokola chotsekera madzi m'maŵa ndi madzulo, amangodzivuta. Kachikho kakamadzaza msanga ndi madzi onga tiyi, atsitse pang'ono madzi a m'chipangizomo. Nyansi zikamaumira pakhosi osagwera m'kachikho, awakweze.

Mbuna za m'Nyanja ya Malaŵi sizipindula nacho kwenikweni, pakuti m'madzi opanda mchere thovu limaphwa msanga.