Kujambula Nyimbo za M'tchalitchi Monga Khutu Limazimvera

Munthu wokhala pakati pa tchalitchi ku Ligowe, m'boma la Neno, samva nyimbo kuchokera mbali imodzi yokha. Kwaya imatsogolera kuguwa, amayi amavomera mbali iyi, abambo amagunda besi mbali inayo, ndipo nthungululu imatulukira kumbuyo. Nkhani ya lero ikufotokoza m'mene akatswiri amatolera mawu onsewo ndi kuwaika pa chimbale cha kanema chotchedwa DVD.

Nyimbo za Mulungu si zachilendo ku Neno. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Neno mu 1906, ndipo a Seventh-day Adventist anayamba ntchito ku Matandani mu 1908. Chiyambire nthaŵi imeneyo, mayimbidwe ambiri akhala akuphunzitsidwa pakamwa. Nkhalamba yowadziŵa ikatsikira kuli chete, imapita nawo.

M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey anayendera dziko lino najambula nyimbo za makolo, ndipo zikusungidwabe ku Rhodes University ku South Africa. Iye ankatolera mawu onse mu njira imodzi. Pambuyo pake kunafala sitiriyo, ya njira ziŵiri: kumanzere ndi kumanja. Chimbale cha DVD, chimene chinayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, chimatha kunyamula njira zisanu ndi imodzi, zodziŵika ndi dzina lakuti 5.1. Zitatu ndi za kutsogolo, ziŵiri za kumbuyo, ndipo yotsalayo ndi ya mawu akuya monga kugunda kwa ng'oma yaikulu.

Wailesi ya kanema itatsegulidwa m'Malaŵi mu 1999, makwaya ambiri anathamangira kujambulitsa. Koma kaŵirikaŵiri mawu ankajambulidwa mu situdiyo m'tauni, kenaka oyimba n'kukaima kunyanja kapena pa maluŵa, namagwedeza milomo potsatira nyimbo yojambulidwa kale. Yunifomu inkaoneka bwino, koma mpingo wovomera, kuwomba m'manja ndi kulira kwa nyumbayo zinkatsala m'mudzi.

Kuti zimenezi zimveke, nyimbo ijambulidwe m'tchalitchi momwemo anthu akupembedza. Maikolofoni atatu amaikidwa kutsogolo kwa kwaya, pamwamba pang'ono kuposa mitu ya oyimba, kuti wa mawu amphamvu asamize anzake. Ena aŵiri amayang'ana kumpingo. Aŵiriŵa asatalikire kwambiri, pakuti mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Akachedwa kufika, womvera amayesa kuti akuyimba ndi makwaya aŵiri osagwirizana. Ng'oma ndi kiyibodi zichepetsedwe, chifukwa uthenga uli m'mawu a nyimbo.

Palinso adani aŵiri odziŵika. Woyamba ndi mvula pa denga la malata, n'chifukwa chake chilimwe ndiyo nyengo yabwino yojambulira. Wachiŵiri ndi jenereta, amene ayenera kuikidwa kutali, kuseri kwa khoma. Nyimbo isanayambe, wotsogolera awombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Kuwombako n'kumene kumathandiza katswiri kulumikiza chithunzi ndi mawu pa kompyuta.

Omvera ena angafunse kuti, ndi nyumba zingati za ku Ligowe zili ndi masipika asanu ndi imodzi? Funsoli ndi lomveka. Choncho chimbale chikhalenso ndi mawu a njira ziŵiri, ndipo akomiti awamvere pa kawailesi kakang'ono asanalipire. Ngati mawu a nyimbo sakumveka pamenepo, ntchito sinathe.

Chenjezo lomaliza ndi la kasungidwe. Masiku ano DVD ikusiyira malo fulashi ndi foni ya m'manja, komanso chimbale chimakalika ndi kuwonongeka padzuŵa. Kwaya imene yasonkha ndalama za manachesi ndi mbatatesi isakhutire ndi zimbale zokha. Itenge mawu oyambirira a maikolofoni onse, iwasunge m'malo aŵiri, ndipo ilemberane ndi wojambula kuti mwini nyimbo ndani. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limalembetsa opeka nyimbo ndi kuteteza ntchito zawo.

Akale anati mawu a akulu amakoma akagonera. Kwaya yosunga bwino mawu oyambirirawo idzatha kuwasamutsira pa makina ena alionse amene angadzabwere, ndipo adzukulu adzamva agogo awo akuvomera nyimbo pa malo enieni amene ankakhala m'tchalitchi.