Amalinyero a Indianapolis ndi Dzina la Kaputeni Wao

Kuwerenga kwathu kwa lero kuli pa Masalimo 107, ndime 23 mpaka 32. Pamenepo timva za anthu oyenda panyanja m'zombo, za namondwe amene awagwera, ndi kulira kwao kwa Mulungu. Tifuna tiime pa ndime yotsiriza, ya 32. Ndimeyo siwalola opulumukawo kungopita kwao n'kukakhala cete. Iwatuma ku msonkhano wa anthu kuti akakambe zimene anaona.

Kuno kwathu nyanja yamcere tiribe, tidziwa Kariba, Mweru ndi Bangweulu. Koma nkhondo imene tikambe lero si yacilendo kwa ife. Agogo athu a Northern Rhodesia Regiment anamenyana ndi asilikali a Japan ku Burma, n'cifukwa cake ku Lusaka kuli Arakan Barracks ndipo ku Kabwe kuli Chindwin Barracks. M'nkhondo yomweyo, pa nyanja ya Pacific, panali sitima yankhondo ya dziko la America yochedwa USS Indianapolis.

Ambiri mwa amalinyero a m'sitimayo anali anyamata a zaka 17, 18 kapena 19, ongocoka kumene ku msasa wa maphunziro a usilikali. Msasa wodziwika kwambiri ndi wa Great Lakes, pafupi ndi Chicago, umene unatsegulidwa mu 1911. Mnyamata akafika amametedwa mpala, kudzutsidwa kusanace, kuguba, kuphunzira kumanga mfundo za zingwe, ndi kukalipiridwa tsiku lonse. Asilikali a pamadzi okalamba akakumana, nkhani zimenezi ndizo zimayamba, ndipo amaseka mpaka misozi. Inu amene munapita ku National Service m'zaka za m'ma 1970 mudziwa mmene zimakhalira: cimene cinali cowawa uli mnyamata cimasanduka nthabwala ukakalamba. Koma amuna a Indianapolis anali ndi nkhani ina imene sinasandukepo nthabwala.

Pa 26 Julayi 1945 sitimayo inatsitsa zipangizo za bomba la atomu pa cilumba ca Tinian. Itadutsa ku Guam inalunjika ku Leyte, ku Philippines, ili yokha. Pakati pa usiku, kuca kwa pa 30 Julayi, sitima ya Japan yoyenda pansi pa madzi inaiphulitsa ndi mabomba awiri. Inamira m'mphindi 12 zokha. Munali anthu 1,195. Pafupifupi 300 anamira nayo, ndipo otsalawo anagwera m'madzi, ambiri ali ndi majekete oyandamitsa okha. Ku Leyte sitimayo sinafike pa tsiku lake, koma panalibe amene ananyamuka kukaifuna. Anyamatawo anakhala m'madzi masiku anai, dzuwa likuwaocha masana, kuzizira usiku, ludzu, mabala, ndi nsomba zolusa zochedwa shaki. Woyendetsa ndege wina, Wilbur Gwinn, anawaona mwamwai pa 2 Ogasiti. Opulumuka anali 316.

M'madzimo munali wansembe wa Katolika, Bambo Thomas Conway. Iwo anali kusambira kucoka pa gulu ili kupita pa gulu lina, kupempherera ofooka ndi kulimbikitsa anyamata amene mitu inayamba kusokonezeka cifukwa ca kumwa madzi amcere. Mphamvu zinawathera, namwalira m'madzi momwemo asanaone cipulumutso. Dokotala wa sitimayo, Lewis Haynes, ndiye anali kuona amene wamwalira, kumuvula jekete kuti athandizike nayo wamoyo, ndi kunena Pemphero la Ambuye asanaleke mtembo kuti umire. Atakalamba anali kukamba kuti pempherolo sakanatha kulimva osalira. Pemphero lomwelo limene ife timalinena mothamanga Lamulungu lililonse, maganizo ali ku nsima.

Nkhondo itatha, akuluakulu a asilikali a pamadzi anafuna munthu womusenzetsa mlandu. Anagwira kaputeni wa sitimayo, Charles McVay. Mu Disembala 1945 khoti la asilikali linampeza wolakwa, ati cifukwa sanayendetse sitima mokhotakhota pozemba adani. Anaitanitsa ngakhale Mochitsura Hashimoto, mkulu wa sitima ya Japan ija, kuti adzacitire umboni. Hashimoto anauza khoti kuti kukhotakhota sikukanathandiza, akanaiphulitsabe. Khoti silinasamale mau amenewo. Kucokera pamenepo McVay anali kulandira makalata a mkwiyo kucokera kwa abale ena a omwalira, ngakhale pa nyengo ya Khirisimasi.

Opulumukawo anabalalika, aliyense kwao, ndipo kwa zaka 15 ambiri sanauze ngakhale akazi ao zimene anaona. Mu 1960 mmodzi wa iwo, Giles McCoy, ndi anzake anafunafuna makeyala, nalemba makalata, naitanitsa msonkhano woyamba mu mzinda wa Indianapolis, umene sitimayo inatengako dzina. Anaitananso kaputeni wao. McVay anabwera ali ndi mantha, osadziwa ngati adzamulandira. Amuna aja anamulandira ndi ulemu wonse wa kwa mtsogoleri, ambiri akulira.

Apa m'pamene msonkhano wao unasiyana ndi kungoceza kwa anthu okumbukira unyamata. Atakhala pamodzi anazindikira kuti onse adziwa cinthu cimodzi: kaputeni sanawaphe. Munthu mmodzi payekha akanatha kunena kuti zinapita, tizisiye. Koma mazana awiri a mboni atakhala m'cipinda cimodzi, kukhala cete kunayamba kulemera. Anayamba kulemba makalata ku boma, caka ndi caka, kupempha kuti dzina la McVay liyeretsedwe.

Tisabise, abale, thandizolo linacedwa. Mu Novembala 1968 McVay anadzipha kunyumba kwake ku Connecticut. Cikondi ca anyamata ake sicinathe kucotsa katundu amene khoti ndi makalata aja anamusenzetsa. Koma iwo sanaleke. Amene anadzawathandiza anali mwana wa sukulu wa ku Florida, Hunter Scott, wa zaka pafupifupi 12, amene anatenga nkhaniyi ngati nchito yake ya phunziro la mbiri yakale. Analembera opulumukawo, nawafunsa mafunso, nasonkhanitsa mayankho ao, mpaka anakaima pamaso pa aphungu a nyumba ya malamulo ku Washington. Ife aphunzitsi timakonda kunena kuti mwana angokhala cete amve. Uyu anafunsa, ndipo nkhalamba zinapeza pakamwa. Mu 2000 nyumba ya malamulo inavomereza kuti McVay sanali wolakwa pa kumira kwa sitimayo, ndipo mu 2001 mau amenewo analembedwa m'mabuku ake a nchito. Panali patapita zaka zoposa 30 ali m'manda.

Tiyeni tibwere kwathu pang'ono. Kukagwa tsoka pamudzi, mwana wamwalira mwadzidzidzi, bwato lagubuduzika, ndalama za mpingo zasowa, mitima yathu imafuna munthu mmodzi womuloza cala. Kawirikawiri amakhala wopanda womuyankhulira: gogo wokhala yekha amene timuti mfiti, mkamwini, msungicuma amene sadziwa kudziteteza. Ndipo nthawi zonse pamakhala ena amene analipo, amene adziwa kuti sizinayende conco. Amadziwa kuti bwato linali lobooka kale, kuti mwana anadwala malungo masiku asanu osapita naye kucipatala. Amakumana pa maliro, pa ciliza, pa msonkhano wa banja, amadya pamodzi, amaseka za kale, koma nkhani imodziyo amailumpha. Pa Eksodo 20 lamulo litiletsa kucitira mnzathu umboni wonama. Ife tiganiza kuti mboni imene idziwa coona n'kutseka pakamwa siili kutali kwenikweni ndi mlandu umenewo. Musadikire kuti munthuyo ayambe wagona m'manda.

Pali cinanso cimene misonkhano ya amalinyerowa inabala. Mu Disembala 1990, ku Pearl Harbor, ena mwa opulumukawo anakumana ndi Hashimoto, munthu amene anamiza anzao. Iye anabwera kudzapemphera nao cifukwa ca omwalirawo, ndipo McCoy anamuuza kuti wamukhululukira. Si onse anakondwa nazo, ndipo sitiwaweruza. Mu 1999 Hashimoto, ali nkhalamba, analemba kalata ku America yopempha kuti McVay amasulidwe ku mlanduwo. Anamwalira mu Okutobala 2000, kutatsala masiku ocepa kuti Pulezidenti Bill Clinton asaine cikalataco. Pambuyo pake mdzukulu wake wamkazi anali kubwera ku misonkhano ya opulumukawo ndi ana ake, nakhala pakati pao.

Mu 1995 anamanga mwala wa cikumbutso ku Indianapolis wolembedwa maina a onse a m'sitimayo. Sitimayo inapezeka mu Ogasiti 2017, pansi pa nyanja mamita pafupifupi 5,500. Bambo Conway anapatsidwa mendulo ya Navy Cross mu 2021. Pofika 2023 wopulumuka anatsala mmodzi yekha, Harold Bray, amene anali ndi zaka 18 pamene sitima inamira. Tsopano okonza misonkhanoyo ndi ana ndi adzukulu, a opulumuka pamodzi ndi a omira.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, tipereka m'manja mwanu asodzi ndi onse oyenda pa madzi a Kariba, Mweru, Bangweulu ndi Tanganyika. Kumbukirani asilikali athu okalamba ndi amasiye ao, makamaka amene usiku sagona cifukwa ca zimene anaona. Khalani pafupi ndi aliyense amene lero wasenza mlandu umene suli wake, ndi amene wafika poganiza zodzicotsera moyo. Mutumizireni munthu madzulo ano. Tipempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.