MAHEDIFONI NDI NYIMBO ZA MAGETSI: Wogula Aganizire Makutu Ace

M'caka ca 1949 m'masitolo a dziko lino munafika kawailesi kamene anthu anakacha dzina lakuti Saucepan, cifukwa kanali kobulungira ngati sefuliya. Mtengo wace unali £5, batire padera. Mwini wace akakaika pakhonde madzulo, anansi onse a m'komboni anali kusonkhana kudzamva mau ocokera ku Lusaka, ndipo mwana akakakweza kopitirira, akulu anali kumdzudzula. Masiku ano nyimbo zikhala m'foni, ndipo zilowa m'makutu a munthu mmodzi yekha kupyolera m'mahedifoni. Palibe mnansi wodziwa kuti zakwera motani, palibenso womdzudzula. Cifukwa cace nkhani ya lero iri ya anyamata ndi asungwana a ku Migodi ndi m'matauni amene alingalira zogula mahedifoni pa tsiku la malipiro, makamaka iwo okonda nyimbo za magetsi.

Nyimbo za magetsi ndizo zimene mau ace sacokera ku cikopa ca ng'oma kapena ku nsambo za gitala, koma apangidwa kapena kusandulizidwa ndi makina. Mmodzi wa oyamba kuziyesa anali mwana wa mu Africa, Halim El-Dabh wa ku Cairo, amene m'caka ca 1944 anajambula mau a akazi oimba pa mwambo wina nawasanduliza ndi makina a ku wailesi. Mu 1948 Pierre Schaeffer wa ku Paris anapanga nyimbo ndi phokoso la sitima za pamtunda. Mu 1964 Robert Moog wa ku America anaonetsa makina ace oimbira ochedwa synthesizer, ndipo mu 1980 kampani ya Roland ya ku Japan inaturutsa TR-808, kabokosi koimba ng'oma popanda woomba. Makina otere ndiwo anabala house ku Chicago ndi techno ku Detroit m'zaka za m'ma 1980, kwaito ku Johannesburg m'ma 1990, ndiponso amapiano, amene anabadwira m'makomboni a Johannesburg ndi Pretoria citapita caka ca 2010, ndipo lero amveka m'maminibasi a ku Kitwe ndi Lusaka.

Nyimbo zobvinira zonsezi ziri ndi cinthu cimodzi cofanana, ndico besi, mau akuya amene agunda m'cifuwa monga gunda wa pabwalo la gule. Mau ali onse ndiwo kunjenjemera kwa mpweya. Khutu la mwana limva mau onjenjemera kuyambira nthawi 20 kufikira nthawi 20,000 pa sekondi imodzi, ndipo muyeso umenewu ulembedwa Hz. Masece ndi mluzu ziri pamwamba, mau a munthu ali pakati, koma besi ya nyimbo zimenezi ikhala pansi pa 100 Hz, ndipo nthawi zina itsika kufikira 40. Kasipika ka m'foni sikangathe kuturutsa mau akuya otero. Ndico cifukwa cace wokonda amapiano afunafuna mahedifoni.

Msampha uli pomwepo. M'caka ca 1933 akatswiri awiri a ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anaonetsa kuti khutu la munthu silimva bwino mau akuya pamene ali otsika. Munthu wobvala mahedifoni osatseka bwino makutu, ali m'minibasi yaphokoso, besi samaimva konse. Tsono akweza voliyumu kufikira gunda wace atamveka, osadziwa kuti mau akuthwa onse akwera pamodzi, ndipo alikulasa m'khutu.

Kukula kwa phokoso kuyesedwa ndi madesibelo. Anthu awiri oceza afika ngati pa 60. Akatswiri a za umoyo wa anchito anena kuti khutu lingathe kupirira madesibelo 85 kwa maora 8 pa tsiku, ndipo pakaonjezeka madesibelo 3, nthawi ija idulidwa pakati. Kotero pa 88 ndi maora 4, pa 91 maora 2, pa 94 ora limodzi, ndipo pa 100 mphindi 15 zokha. Makina oboolera miyala pansi pa mgodi apitirira 110. Mafoni ambiri, akakwezedwa kufikira pamapeto, afikitsa mahedifoni pa 100 kapena kuposa. Khutu silisiyanitsa phokoso la nchito ndi la nyimbo, koma lilemba zonse m'buku limodzi monga kalaliki wa matikiti. Mnyamata amene waturuka pa shifiti ku Mufulira kapena ku Konkola, kapena mai wogwira nchito pa cigayo, wadya kale gawo lalikulu la tsiku limenelo asanayambe kumvera nyimbo.

M'kati mwa khutu muli kamalo kopindika ngati cigoba ca nkhono, ndipo m'menemo muli tiubweya tating'onong'ono tokwana ngati 15,000, timene tilandira mau ndi kuwatumiza ku ubongo. Phokoso lalikulu litigonetsa monga mphepo igonetsa cimanga. Poyamba tidzuka munthu akapumula, koma tikagonetsedwa tsiku ndi tsiku tifa, ndipo tikafa sitimeranso. Palibe dotolo kapena sing'anga amene angatidzutse. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma, ndipo ugonthi wotere ubwera mwakacetecete, popanda kuwawa. Mau akuthwa ndiwo ayamba kutaika. Bambo akumva ndithu kuti mkazi wace alikulankhula, koma mau enieni samawagwira, ndipo pa msonkhano angogwedeza mutu. Kwa wogwira nchito ya pansi ngozi yace iri yoposa, cifukwa iye ayenera kumva mfuu wa mnzace, kulira kwa belu, ndi mau a thanthwe pamene aligogoda ndi citsulo kuti adziwe ngati liri lolimba kapena lofuna kugwa.

Tsono mahedifoni abwino sindiwo olira koposa anzace iai, koma amene amveketsa besi voliyumu iri pansi. Cinsinsi cace ndico kutseka. Mahedifoni akatseka bwino, mau akuya sathawira kunja, ndipo phokoso la mumseu sililowa.

M'masitolo mupezeka mitundu inai. Mtundu woyamba ndiwo otseguka kumbuyo, amene kampani ya Sennheiser ya ku Germany inayamba kugulitsa mu 1968. Mau ace amveka otambasuka bwino, koma aturuka kunja ndipo phokoso lilowa. Ayenera munthu wokhala ndi cipinda cacete. M'nyumba ya zipinda ziwiri, m'mene wina agona usana poyembekeza shifiti ya usiku, angobweretsa mkangano.

Mtundu waciwiri ndiwo otseka, ophimba khutu lonse ndi mitsamiro yofewa. Amenewa asunga besi bwino, ndipo ayenera omvera ambiri a nyimbo za magetsi. Kuipa kwace ndiko kuti atenthetsa makutu m'mwezi wa October, ndipo wobvala magalasi apenyetsetse kuti miyendo ya magalasiyo isasiye mpata.

Mtundu wacitatu ndiwo timahedifoni tating'ono tolowa m'khutu, tokhala ndi mphira kunsonga. Tambiri tigulitsidwa ndi mphira za misinkhu itatu, ndipo wogula ayese zonse kufikira atapeza yomkwana, cifukwa mphira yocepa itaya besi yonse. Tija touma topanda mphira, tongokhala pakhomo pa khutu, nditimene tikakamiza munthu kukweza voliyumu m'phokoso.

Mtundu wacinai ndiwo ozimitsa phokoso. Ali ndi kamaikolofoni kamene kachera khutu ku phokoso la kunja, ndipo makina ace apanga mau otsutsana nalo, kotero kuti awiriwo afafanizana. Kampani ya Bose inayamba kugulitsa otere kwa oyendetsa ndege mu 1989. Athandiza kwambiri pa kung'ung'udza kwa injini ya basi, koma ali odula, ndipo adya batire. Ndiponso salowa m'malo mwa zotsekera makutu zimene anchito apatsidwa pa mgodi. Pa nchito munthu abvale zomwe wapatsidwazo.

Pa bokosi pali manambala amene asokoneza anthu. Mau akuti 20 Hz – 20 kHz alembedwa pa mabokosi ambirimbiri, odula ndi ochipa omwe, ndipo sanena kanthu za ubwino wa mau. Nambala yothandiza ndiyo ya ma ohm. Mahedifoni a 16 kufikira 32 agwirizana ndi foni, koma a 250 anapangidwira nyumba zojambulira nyimbo, ndipo afuna makina okuzira mau. Wofuna a waya ayambe waona ngati foni yace iri ndi kabowo ka 3.5 mm, popeza mafoni ambiri atsopano alibe. Wofuna a Bluetooth akumbukire kuti magetsi akazima kwa nthawi yaitali, batire likatha, nyimbo nazonso zatha.

Munthu wanzeru sagula asanayese. Apite ndi foni yace ndi nyimbo imodzi imene aidziwa bwino, aike voliyumu pakati, ndipo afunefune zinthu zitatu: gunda pansi, woimba pakati, masece pamwamba. Zonse zitatu zimveke, ciri conse pa malo ace. Ngati besi iri yonenepa kotero kuti ikwirira woimba, mahedifoniwo sali abwino, cinkana bokosi liwatame motani. Kenaka awapsinje pang'ono ndi manja ku mutu. Besi ikakula pamene awapsinja, ndiye kuti sanamkwane. Akhale nao mphindi zingapo kuti aone ngati sapweteka makutu. Acenjerenso ndi katundu wonyenga, wolembedwa dzina la kampani yochuka koma wogulitsidwa pa mtengo wa mtolo wa nkhuni. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Atagula, nchito yosamala iri m'manja mwace. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, linacenjeza kuti acinyamata oposa 1,000,000,000 ali pa ngozi ya kuonongeka makutu cifukwa ca kumvera mokweza. Mu 2019 linaika malire akuti munthu wamkulu asapitirire madesibelo 80 kwa maora 40 pa sabata, ndipo mwana asapitirire 75. Mafoni ena awerenga okha nambala zimenezi. Wopanda foni yotere asakweze voliyumu kupitirira magawo 60 pa 100, ndipo apumitse makutu likatha ora limodzi. Woturuka kumene ku makina aphokoso ayambe wasamba, wadya nsima, wakhala cete kanthawi, ndipo nyimbo zibwere pambuyo. Pa njinga, podutsa mseu, ndi pafupi ndi njanji, mahedifoni otseka abvulidwe, popeza galimoto silimveka.

Makutu acenjeza mwini wace m'njira ziwiri. Yoyamba, m'makutu mulira ngati nyenje munthu atabvula mahedifoni. Yaciwiri, mau a anthu amveka ngati acokera kutseri kwa cipupa. Woona zimenezi atsitse voliyumu tsiku lomwelo, ndipo zikapitirira apite ku cipatala akapimidwe.

Makolo nao ali ndi gawo lao. Mwana amene sayankha poitanidwa ali pa mtunda wa mkono umodzi, kapena amene nyimbo zace zimveka kwa wokhala naye pampando, wakweza kopitirira. Womuuza zimenezi sali mdani wa nyimbo zace, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mahedifoni akathyoka, ena agulidwa pa malipiro a mwezi wamawa, koma palibe sitolo ku Ndola, ku Kitwe kapena ku Lusaka imene igulitsa makutu atsopano. Wosankha bwino lero adzamvabe gunda wace atakalamba, ndiponso adzamva mdzukulu wace alikumuitana pakhomo.